Funsani Tikuyankheni: Quebec Aces, Timu Yobadwira pa Fakitale ya Mapepala

Mwana wanga ali pa ntchito mumzinda wa Quebec ku Canada. Wanditumizira chithunzi cha jezi yakale yosungidwa m'galasi, pansi pake palembedwa kuti "As de Québec, 1928–1971". Akuti inali timu ya hockey ya pa ayezi. Inali ya ndani, nanga dzinalo likutanthauza chiyani?
*Mayi wa ku Zomba*

Mayi, timuyo inabadwira pa fakitale. Mu 1928 kampani yopanga mapepala ya Anglo-Canadian Pulp and Paper Mills, yomwe inali ndi fakitale yaikulu mumzinda wa Quebec, inakhazikitsa timu ya antchito ake. Dzina analitenga pa zilembo zoyamba za mawu akuti Anglo-Canadian Employees, ndiye kuti A, C ndi E. Atawonjezerapo S linakhala Aces, lomwenso ndi dzina la khadi la eyisi lija la pa makadi. Anthu a mumzindawu amayankhula Chifalansa, choncho iwo ankangoti "les As", kutanthauza khadi lomwelo.

Amene anaona matimu a makampani kwathu kuno, kapena a m'migodi ya ku Copperbelt, sangadabwe ndi mmene zinkayendera. Mnyamata wodziwa kusewera ankapatsidwa ntchito pa kampani, m'mawa ali pa desiki kapena pa makina, madzulo ali pa ayezi. George Imlach, yemwe aliyense ankamutcha Punch, anafika ku Quebec mu 1945 m'njira yomweyi: ntchito mu ofesi yowerengera ndalama ya kampaniyo, ndi malo m'timu. Anayamba ngati wosewera, nakhala mphunzitsi, kenako woyendetsa timu yonse. Ndi Imlach yemweyu amene pambuyo pake anatenga Stanley Cup, chikho chachikulu koposa cha masewerowa, kanayi ndi Toronto Maple Leafs, mu 1962, 1963, 1964 ndi 1967.

Zaka 43 za timuyi mungazigawe patatu. Kufikira 1953 inali timu ya "senior". Kuyambira 1953 mpaka 1959 inali mu Quebec Hockey League, ligi ya osewera olipidwa poyera. Kuyambira 1959 mpaka 1971 inali mu American Hockey League, kufupikitsa AHL.

Ena a ife sitinauonepo mpira umenewu. Tifotokozereni mwachidule kuti manambala amene mumatchula tiziwamva.
*Mphunzitsi wa ku Kasungu*

Aphunzitsi, poyamba si mpira ayi. Chomwe amamenya ndi kachimbale kolimba ka labala kotchedwa paki, kotalika masentimita 7.6 m'mimba mwake, kochindikala masentimita 2.5, kolemera magalamu pakati pa 156 ndi 170. Mapaki amasungidwa m'firiji masewero asanayambe, chifukwa paki yotentha imadumphadumpha m'malo motsetsereka.

Bwalo la ku North America ndi lotalika mamita 61, m'lifupi mamita 26, lozunguliridwa ndi mpanda wa matabwa. Pansi pake pali simenti yodutsamo mapaipi a madzi ozizira koopsa, ndipo ayezi wake sachindikala kwenikweni, ndi masentimita awiri kapena atatu basi. Golo ndi laling'ono, mamita 1.83 m'lifupi ndi 1.22 m'mwamba. Timu iliyonse imalowetsa anthu 6: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, akutsogolo atatu. Amasewera zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo wotchi imaima nthawi iliyonse wezulo ikalira. Popeza liwiro lake ndi lothetsa mpweya, osewera amasinthana masewero ali mkati, wina kutuluka wina kulumpha mpanda kulowa.

Wolakwa amakakhala pa benchi ya chilango mphindi 2, akamenyana mphindi 5. Pa chilango cha mphindi 2 chija timu yake imasewera yopelewera munthu mmodzi. Wosewera amalandira poyinti imodzi akamwetsa chigoli, imodzinso akapatsira mnzake amene wamwetsa. Tikati wakuti anapeza mapoyinti 89, taphatikiza ziwirizi.

Mawu akuti "senior" ndi "minor professional" amandisokoneza. Kodi senior ndiye ligi yaikulu? Nanga minor ndi ya ana?
*Wowerenga wa ku Chipata*

Zonse ziwiri ayi, ndipo mukamvetsa apa mwamvetsa mbiri yonse ya Aces.

Ku Canada "junior" ndi ligi ya anyamata osapitirira zaka 20 kapena cha pomwepo. "Senior" ndi ya akuluakulu amene, pa pepala, salandira malipiro. Bungwe lowayang'anira linali Canadian Amateur Hockey Association, ndipo chikho chawo chinali Allan Cup, chomwe chinayamba kuperekedwa mu 1909. "Minor professional" ndi ligi ya akuluakulu olipidwa poyera, koma yokhala pansi pa ligi yaikulu ya National Hockey League, NHL.

Tati "pa pepala" dala. Pofika zaka za m'ma 1940, osewera a Quebec Senior Hockey League ankalandira ndalama, ena zambiri ndithu, kungoti zinkadutsa m'dzina la ntchito ya pa kampani kapena ndalama zolipirira ulendo. Aliyense ankadziwa. Bungwe lija linafika povomereza mwakachetechete mu 1950, pamene linapatula maligi olemerawa n'kuwakonzera chikho chawochawo, Alexander Cup, kuti asamapondereze matimu a m'matauni ang'onoang'ono pa Allan Cup.

Nanga bwanji sanangodzitcha olipidwa? Chifukwa dzina lakuti wosalipidwa linali chishango. Kuyambira 1942 mpaka 1967 NHL inali ndi matimu 6 okha: Montreal, Toronto, Boston, New York Rangers, Detroit ndi Chicago. Malo a osewera onse pamodzi anali pafupifupi 120, m'dziko limene mudzi uliwonse uli ndi bwalo la ayezi. Matimu 6 aja ankagwira anyamata akadali ang'ono powasainitsa mafomu. Yoopsa inali fomu C: wosaina ankakhala wa timuyo, yoti imuitane nthawi imene yafuna, pa malipiro olembedwa kale. Wosewera wolipidwa analibe chonena. Akamutumiza ku Buffalo kapena ku Springfield, ankalongedza. Koma wa senior, ngati sanasaine fomu C, ankatha kukana NHL n'kukhala kwawo, ali ndi ntchito, nyumba ndi malipiro a timu. Timu ya senior inali mwini wa osewera ake. Timu ya minor professional, makamaka ikamangidwa kwa timu ya NHL, imasanduka nazale: imalera mbande, mwini munda n'kubwera kudzazula yokhwima.

Ndinamva kuti Montreal Canadiens inagula ligi yathunthu pofuna wosewera mmodzi. Ndi zoona kapena ndi nkhambakamwa?
*Wokonda masewero wa ku Ndirande*

Achimwene, wosewerayo ndi Jean Béliveau, ndipo nkhaniyo ili ndi mutu ndi miyendo, ngakhale okamba amaithira mchere.

Béliveau anabadwa mu 1931 ku Trois-Rivières, nakulira ku Victoriaville. Mkulu wa Canadiens, Frank Selke, anamuona akadali mnyamata nafuna kumusainitsa fomu C. Bambo ake a Béliveau anakana. Selke anangopeza fomu B, yomwe inkati mnyamatayo akadzasankha kukhala wolipidwa adzasewerera Montreal. Taonani mawu akuti "akadzasankha". Pa mawu amenewa Selke anadikira zaka.

Mnyamatayo anapita ku Quebec mu 1949 kukasewera timu ya junior ya Citadelles. Chaka chomwecho, mu Malichi, bwalo lakale la mzindawu linapsa, ndipo pofika Disembala anali atatsegula lina, Colisée, lokhala ndi mipando pafupifupi 10,000. Anthu anayamba kulitcha nyumba yomangidwa ndi Béliveau, osati chifukwa ananyamula njerwa, koma chifukwa ndiye ankalidzaza. Atatha zaka za junior mu 1951, m'malo mopita ku Montreal, mtunda wa makilomita pafupifupi 250, anangosintha jezi mumzinda womwewo n'kulowa Aces ya Imlach.

M'nyengo ya 1951–52 anamwetsa zigoli 45 napeza mapoyinti 83. Mu 1952–53 zigoli 50, mapoyinti 89, m'masewero 57. Malipiro ake m'chaka chachiwirichi amanenedwa kuti anafika madola 20,000, kuposa omwe akatswiri ambiri a mu NHL ankalandira nthawi imeneyo, osawerengera masuti, malaya ndi zakudya zomwe amalonda a mumzinda ankamupatsa. Munthu wotere mungamuuze chiyani kuti asamuke?

Malamulo ankalola wosalipidwa kuyesedwa masewero ochepa mu NHL osataya dzina lake. Mu Disembala 1952 Béliveau anasewera masewero 3 ndi Canadiens n'kumwetsa zigoli 5, zitatu mwa izo usiku umodzi polimbana ndi New York Rangers. Atatero anakwera sitima kubwerera ku Quebec. Ochemerera a ku Montreal anapsa mtima, manyuzipepala anamukhalira Selke pakhosi.

Mu 1953 ligi ya senior ija inatuluka m'bungwe la osalipidwa, nisintha dzina kukhala Quebec Hockey League, ligi yolipidwa. Basi msampha unafwamphuka. Béliveau akanati akhalebe ku Aces akanakhala wolipidwa, ndipo fomu B inkati wolipidwa ndi wa Montreal. Pa 3 Okutobala 1953 anasaina kontirakiti ya zaka 5 ya madola opitirira 100,000. Anasewerera Canadiens mpaka 1971, natenga Stanley Cup ka 10.

Kodi Montreal inagula ligi? Okamba ambiri amatero. Ife tinganene chonchi: Canadiens inali kale ndi dzanja lalitali m'ligimo, popeza timu ya Montreal Royals inali yawo, ndipo ndi iwo amene anapindula. Koma eni matimu ena, a ku Ottawa, Valleyfield, Sherbrooke ndi Chicoutimi, analinso atatopa kukangana ndi bungwe la osalipidwa pomwe malipiro ankapereka kale. Selke anakankha khoma lomwe linali litapendekeka. Amene anagweredwa nalo ndi Aces.

Ndine Mmalawi wokhala ku Toronto. Pano amakamba kwambiri za "Black Aces" ndi Willie O'Ree. Kodi Black Aces ndi Quebec Aces ndi amodzi?
*Wowerenga wa ku Toronto*

Anthu ambiri amasakaniza, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana zomwe zimakumana mwa munthu mmodzi, Herb Carnegie.

Carnegie anabadwira ku Toronto komweko mu 1919, makolo ake ochokera ku Jamaica. M'zaka za m'ma 1940 iye, mkulu wake Ossie, ndi Manny McIntyre ankasewera kutsogolo limodzi, atatu onse akuda, ku Shawinigan ndi ku Sherbrooke. Atatuwa ndiwo anatchedwa Black Aces. Sinali timu, unali mzere wa akutsogolo. Mu 1948 New York Rangers inamuitana Herb kukamuyesa, koma m'malo mwa malo m'timu yaikulu inamupatsa makontirakiti a m'maligi apansi, a ndalama zochepa kuposa zomwe ankalandira ku Sherbrooke. Anali ndi zaka pafupifupi 29, ali ndi banja. Anakana. Mu 1949 analowa Quebec Aces, nasewera kumeneko mpaka 1953, zaka ziwiri zomaliza ali limodzi ndi Béliveau, yemwe moyo wake wonse ankanena poyera kuti Carnegie anali woyenera NHL. Carnegie sanasewereko mu NHL ngakhale kamodzi. Anamwalira mu 2012, ndipo Hockey Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerowa, inadzamulemekeza mu 2022, patapita zaka 10 ali m'manda.

Onani apa kuti chishango cha senior chija chinathandiza munthu amene NHL inamutsekera khomo. Malipiro abwino ndi ulemu wa mzinda anazipeza m'ligi yotchedwa yosalipidwa.

Willie O'Ree ndi wa m'badwo wotsatira, wobadwa mu 1935 ku Fredericton m'chigawo cha New Brunswick. Ali ku junior ku Kitchener, paki inamumenya kumaso ndipo diso lake lamanja linasiya kuona pafupifupi kotheratu. Dokotala anamuuza kuti asiye masewero. Iye anabisa, ndipo matimu a nthawi imeneyo sankayeza maso. Imlach anamutenga ku Aces mu 1956.

Taganizirani vuto lake pa ayezi. O'Ree ankasewera kutsogolo kumanzere. Wosewera kumanzere amalandira paki kuchokera kumanja kwake, mbali yomwe kwa iye kunali mdima. Kuti aione ankayenera kupotoza mutu wonse mpaka chibwano kufika pa phewa lamanja, diso lamanzere ndilo liyang'ane, uku akuthamanga pa zitsulo zakuthwa, ndipo wotchinga wa timu ina akubwera kudzamugunditsa pa mpanda. Zipewa zoteteza mutu ankavala ndi ochepa kwambiri. Anasewera choncho zaka zambiri, mpaka mphunzitsi wina ku Los Angeles anamusamutsira kumanja, komwe diso lamoyo linkayang'ana pakati pa bwalo, ndipo zigoli zake zinachuluka.

Nthawi imeneyo Aces inali pa mgwirizano ndi Boston Bruins. Pa 18 Januwale 1958 Boston inamuitana kukasewera ku Montreal Forum, bwalo la Canadiens, nakhala munthu wakuda woyamba kusewera mu NHL. Boston inapambana 3–0. Anasewera masewero 2 n'kubwezedwa. Anadzabwereranso mu 1960–61 kwa masewero 43, namwetsa zigoli 4. Analowa mu Hall of Fame mu 2018, ndipo Boston inapumitsa nambala yake 22 pa 18 Januwale 2022.

Inatengako zikho zingati?
*Wowerenga wa ku Mzuzu*

Zikuluzikulu zitatu. Allan Cup mu 1944, itagonjetsa Port Arthur Shipbuilders, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Alexander Cup mu 1952, ya Béliveau ndi Carnegie, itagonjetsa Saint John Beavers. Edinburgh Trophy mu 1957, chikho cholimbirana akatswiri a ligi ya Quebec ndi a ligi ya kumadzulo, itagonjetsa Brandon Regals. O'Ree anali m'timu imeneyi. Chikho chomwechi inachiphonya mu 1954 kwa Calgary Stampeders.

Mu AHL inafika mu ndime yomaliza ya Calder Cup, chikho cha ligiyo, katatu n'kugwa katatu konse: mu 1964 kwa Cleveland Barons, mu 1968 kwa Rochester Americans, mu 1969 kwa Hershey Bears.

Timu yofika mu fainolo mu 1968 ndi 1969 ingathe bwanji mu 1971? Chinavuta n'chiyani?
*Bambo wa ku Lilongwe*

Bambo, matenda ake anayamba kale, 1971 ndi tsiku la maliro chabe.

Choyamba chinali wailesi ya kanema. Kuyambira 1952 masewero a Canadiens anayamba kuonetsedwa Loweruka lililonse usiku. M'zaka zochepa munthu wa ku Quebec kapena ku Chicoutimi ankatha kuonera katswiri wa Canadiens Maurice Richard ndi Béliveau yemwe uja ali pa mpando kunyumba kwake, osalipira tikiti, osatuluka m'chisanu. Mabwalo a m'matauni anayamba kuchepa anthu, matimu kugwa imodziimodzi, ndipo mu 1959 Quebec Hockey League inatha.

Aces inathawira ku AHL, nikhala timu yoyamba ya ku Canada m'ligi imeneyo. Unali ulemu, koma wodula. Adani ake tsopano anali Buffalo, Cleveland, Hershey, Providence, Rochester ndi Springfield, onse ku United States. Ulendo uliwonse unali wautali, wodutsa malire, wofuna mahotela, ndipo ochemerera anataya mikangano yakale yapachibale. Munthu wa ku Quebec amadziwa chifukwa chake ayenera kudana ndi Montreal Royals. Hershey angadane nayo chifukwa chiyani?

Zaka za m'ma 1960 zinali ndi kukoma kwake. Pogwirizana ndi Montreal, Aces inkalandira mayina akuluakulu omwe NHL inkawaona ngati atha. Doug Harvey, wotchinga kumbuyo amene anatenga Norris Trophy, mphoto ya wotchinga kumbuyo woposa onse mu NHL, ka 7, anasewera ku Quebec kuyambira mu 1963–64. Goloboyi Gump Worsley, amene anafika ku Montreal mu 1963 posinthana ndi goloboyi mnzake Jacques Plante, anatsitsidwira ku Aces atavulala, akugwirabe golo nkhope ili pamtunda popanda chophimba. Bernie Geoffrion, katswiri wa Canadiens, atasiya kusewera mu 1964 anaphunzitsa timuyi zaka ziwiri. Koma taonani mmene nazale imayendera: Worsley atangobwerera mwakale, Montreal inamutenga, ndipo mu 1965 anakanyamula Stanley Cup kumeneko.

Mu 1967 NHL inakula kuchoka pa matimu 6 kufika 12. Timu yatsopano ya Philadelphia Flyers inkafuna osewera msanga, ndiye inagula Aces yonse, timu ndi makontirakiti ake. Kuyambira pamenepo zonse zinkagamulidwa ku Philadelphia. Simon Nolet anatsogola ligi yonse pa mapoyinti mu 1967–68, André Lacroix ankapatsira mwaluso, ndipo onse awiri anakwezedwa. Mphunzitsi Vic Stasiuk atafikitsa timu mu fainolo kawiri nayenso anakwezedwa mu 1969. Ochemerera ankati akamuzolowera wosewera, wapita. M'zaka zomaliza dzina lotchuka linali Dave Schultz, wodziwika ndi zibakera kuposa zigoli, yemwe pambuyo pake anakhazikitsa mbiri ya NHL ya mphindi 472 za chilango m'nyengo imodzi.

Nkhonya yomaliza inachokera m'nyumba momwemo. Mu 1969 kunabadwa timu ya junior ya Quebec Remparts, m'malo mwa timu ya anyamata yomwe inkatchedwanso As, ndipo inkasewera mu Colisée momwemo. Inali ndi Guy Lafleur, mnyamata woyankhula Chifalansa wa ku Thurso, wovala nambala 4 ngati Béliveau wa ku Montreal. Mu 1970–71 anamwetsa zigoli 130 ndipo Remparts inatenga Memorial Cup, chikho chachikulu cha junior. Bwalo limodzi, matimu awiri: usiku wa anyamata anthu kusowa pokhala, usiku wa Aces mipando kuoneka. Zomwe Béliveau anachitira Aces zaka 20 m'mbuyomo, Lafleur anachitira Remparts.

Flyers inawerengetsa ndalama n'kusamutsa timuyo mu 1971 kupita ku Richmond m'boma la Virginia, komwe kunali kutamangidwa bwalo latsopano. Kumeneko inatchedwa Richmond Robins, nikhala zaka 5 zokha mpaka 1976.

Nanga mzinda wa Quebec unatsala wopanda timu ya akuluakulu?
*Wowerenga wa ku Johannesburg*

Chaka chimodzi chokha. Mu 1972 kunabwera Quebec Nordiques ya ligi yatsopano yopikisana ndi NHL, World Hockey Association, nilowa mu Colisée momwemo. Nordiques inalandiridwa mu NHL mu 1979, bwalo linakulitsidwa kupitirira mipando 15,000, koma mu 1995 timuyo inagulitsidwa n'kupita ku Denver. Inakatchedwa Colorado Avalanche, ndipo inatenga Stanley Cup chaka chake choyamba, mu 1996. Colisée inatsekedwa mu 2015 pomwe bwalo latsopano la Centre Vidéotron linatsegulidwa pafupi pomwepo, ndipo timu yomwe imaseweramo lero ndi ya anyamata, ya dzina lija lakuti Remparts.